NDALAMA ZA PENSHONI NDI MABOMBA A ATOMU

Phunziro la akatekisiti ndi Akristu a m'miphakati

Pa mwambo wa makolo, munthu amene ali ndi ng'ombe koma alibe khola lolimba kapena mbusa, amakaikiza ng'ombe zake kwa mnzake. Zikhala kumeneko zaka zambiri, ziswana, ndipo tsiku la kusowa mwini wake apita kukazitenga. Koma ng'ombe zoikizazo zikalowa m'munda wa eni ake ndi kudya chimanga, dzina la mwini ng'ombe silisowa pa bwalo la mfumu. Pakuti chuma, chingakhale chigone m'khola la wina, chikhalabe cha mwini wake, ndipo zimene chichita kumeneko zimkhudza. Masiku ano antchito ambiri aikiza chuma chawo m'khola la mtundu wina lotchedwa thumba la penshoni. Phunziro lino lifotokoza za anthu a m'maiko osiyanasiyana amene ali kupempha kuti ndalama za penshoni zichotsedwe m'makampani opanga mabomba a atomu, ndiponso chifukwa chake nkhaniyi iyenera kumveka ngakhale pa Tsangano.

1. Kumene penshoni igona

Kuyambira chaka cha 2011, lamulo la dziko la Malawi likakamiza olemba anthu ntchito kusungira antchito awo penshoni. Pa K100 iliyonse ya malipiro, wantchito apereka K5 ndipo womlemba ntchito aonjezapo K10 kapena kuposapo. M'chaka cha 2017 boma lidakhazikitsa thumba lotchedwa Public Service Pension Trust Fund, losungira antchito a boma amene pa nthawiyo adali ndi zaka 35 kapena zocheperapo, pamodzi ndi olembedwa pambuyo pake. Kotero mphunzitsi wachinyamata wa pa sukulu ya ku Tsangano, namwino wa pa chipatala, ndi mlangizi wa zaulimi amene ayendera minda ya kachewere ndi tirigu, onsewa mwezi ndi mwezi aponya kanthu m'thumba.

Ndalamazo sizikhala m'bokosi kudikira ukalamba wa mwini wake. Oyang'anira thumba, otchedwa matrasti, azipereka kwa akatswiri kuti zipindule: zina akongoza boma, zina agulira nyumba za lendi, zina agulira masheya. Sheya ndi kagawo ka kampani. Wogula sheya asanduka mmodzi wa eni ake a kampaniyo, ndipo alandira gawo la phindu lake. Tsono thumba la penshoni likagula masheya, eni ake enieni ndi aphunzitsi ndi anamwino aja, angakhale sadziwa ndi dzina lomwe la kampaniyo.

Ku Ulaya ndi ku America antchito ena atafufuza, adapeza kuti ndalama za ukalamba wawo zili m'makampani monga Northrop Grumman, Lockheed Martin, General Dynamics, Boeing ndi BAE Systems, amene apanga kapena kusamala mizinga yonyamula mabomba a atomu, ndi sitima zankhondo zoyenda pansi pa nyanja zonyamula mizingayo. Apa ndi pamene padayambira funso la chikumbumtima.

2. Bomba la atomu ndi ntchito zake

Bomba la atomu, limene masiku ano litchedwanso la nyukiliya, lisiyana ndi zida zina zonse. Pa 6 August 1945, tsiku limene Eklezia akumbukira Kusandulika kwa Ambuye, ndege ya America idaponya bomba limodzi pa mzinda wa Hiroshima ku Japan, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho anthu ngati 140,000 adali atafa. Pa 9 August bomba lachiwiri lidagwa pa Nagasaki, nilipha anthu ngati 70,000. Lidaphulika pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha Urakami, m'dera limene munkakhala Akatolika ambiri a ku Japan, zidzukulu za anthu amene adasunga chikhulupiriro mobisa zaka zoposa 200 za mazunzo. Pa nthawiyo ansembe adali kumvetsera kulapa kwa Akristu okonzekera chaka cha Kukwezedwa kwa Amayi Maria. Mwa Akatolika ngati 12,000 a m'deralo, ngati 8,500 adafa.

Bombali liononga ndi moto, ndi mphepo yogwetsa nyumba, ndiponso ndi ululu wosaoneka ndi maso umene ulowa m'thupi, m'madzi ndi m'nthaka, nudwalitsa anthu khansa patapita zaka. Silisankha msilikali kapena khanda. Siliyang'ana malire a dziko. Lero maiko 9 ali nazo zida zimenezi: America, Russia, Britain, France, China, India, Pakistan, Israel ndi North Korea. Onse pamodzi asunga mabomba ngati 12,000, ndipo ambiri mwa iwo aposa la Hiroshima mphamvu kutalitali. Bungwe lolimbana ndi zidazi la ICAN lidawerengera kuti m'chaka cha 2024 chokha maikowa adaononga madola a America oposa 100 biliyoni pa zida zimenezi.

3. Africa ndi Amalawi m'nkhaniyi

Wina angaganize kuti imeneyi ndi nkhani ya Azungu okha, koma mbiri itsutsa. Bomba lipangidwa ndi mwala wotchedwa yureniyamu, ndipo yureniyamu wambiri wa mabomba oyamba a America adakumbidwa pa mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, m'dziko la Congo. Pa 13 February 1960 dziko la France lidayesa bomba lake loyamba pa nthaka ya Africa, m'chipululu cha Sahara ku Algeria.

Palinso mbali ina yokhudza midzi ya ku Ntcheu. Kuyambira 1952 migodi ya golide ya ku Johannesburg idayamba kutulutsa yureniyamu m'miyala yomweyo ya golide, ndipo yureniyamuyo ankagulidwa ndi America ndi Britain pa nthawi imene maikowa adali kuchulukitsa mabomba awo. M'migodi imeneyi munkagwira ntchito amuna ambirimbiri a ku Nyasaland opita pa Wenela. Pofika 1973 Amalawi a m'migodi ya ku South Africa adaposa 100,000. Anthuwa adapita kukafuna ndalama za msonkho, njinga ndi zofunda, ndipo panalibe wowauza kumene miyala ina inkathera. Iwo alibe mlandu. Koma mbiri yawo ionetsa poyera kuti thukuta la munthu wosauka lingathe kutumikira ntchito imene mwini wake akadaidziwa akadaikana.

Yureniyamu apezekanso m'Malawi, pa mgodi wa Kayelekera ku Karonga, umene udatsegulidwa mu 2009, nuima mu 2014, nuyambanso mu 2025. Yureniyamu wa kumeneko agulitsidwa kuti akapangire magetsi, ndipo akatekisiti asamale kusiyanitsa ntchito ziwirizi pophunzitsa: phunziro lino linena za zida zophera anthu.

Dziko la South Africa m'nthawi ya tsankho lidapanga mabomba 6 mobisa, koma lidawaphwasula lokha, ndipo Pulezidenti F. W. de Klerk adaulula zimenezi mu March 1993. Pambuyo pake maiko a mu Africa adachita Pangano la Pelindaba, losainidwa mu 1996 ndi kuyamba kugwira ntchito mu 2009, lakuti mu Africa monse musakhale bomba la atomu. Ichi chitsimikiza kuti dziko lingathe kukhala ndi bomba ndi kulitaya.

4. Zimene Eklezia aphunzitsa

Mu October 1962 America ndi Soviet Union adatsala pang'ono kumenyana ndi mabomba a atomu chifukwa cha mizinga ya ku Cuba. Patapita miyezi 6, pa 11 April 1963, Papa Yohane XXIII adalemba kalata yotchedwa Pacem in Terris, m'mene adapempha kuti mpikisano wa zida uleke ndi kuti zida za atomu ziletsedwe. Mu 1965 Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Gaudium et Spes, udaweruza kuti nkhondo yofafaniza mizinda yathunthu pamodzi ndi anthu ake ndi mlandu wolakwira Mulungu ndi munthu, ndiponso kuti mpikisano wa zida upweteka amphawi koposa onse. Papa Fransisko adapitiriza chiphunzitsochi: mu November 2017 adatsutsa ngakhale kusunga kumene kwa zidazi, ndipo pa 24 November 2019, ataima pa Hiroshima, adabwereza kuti kuzigwiritsa ntchito ndi kuzisunga komwe nkosemphana ndi chikhalidwe choyenera.

Tsono nanga munthu amene sadagwirepo bomba, koma ndalama zake zili m'kampani yolipanga? Katekisimu aphunzitsa kuti munthu angathe kukhala ndi gawo pa tchimo la wina pakulamula, pakulangiza, pakuvomereza, pakuthandiza, kapena pakukhala chete pamene akadatha kuletsa. Wosula mikondo sasula yekha: pali womtengera makala ndi womvukutira mvukuto. Komabe milandu yawo siilingana. Amene athandiza modziwa ndi mokondwera nacho choipacho ali ndi mlandu waukulu. Mphunzitsi amene adulidwa K5 mwa lamulo, osadziwa kumene ipita, alibe tchimo, ndipo mtima wake usavutike. Koma munthu akadziwa kuti chinthu chotere chichitika, ndipo ali ndi pakamwa pofunsira, udindo wake ukula molingana ndi nzeru ndi mphamvu zimene ali nazo. Matrasti ndi akatswiri osankha masheya ali ndi udindo woposa wa membala wamba.

Chifukwa chake mu November 2022 bungwe la akatswiri a ku Vatican lidatulutsa chikalata chotchedwa Mensuram Bonam, cholangiza madayosizi, zipani za ansembe ndi asisitere, ndi Akatolika onse oyendetsa chuma. Chionetsa njira zitatu: kulankhula ndi makampani kuti asinthe, kuika ndalama m'ntchito zopindulitsa anthu, ndi kuchotsa ndalama m'ntchito zosemphana ndi chikhulupiriro. Zida za atomu zili m'gulu la ntchito zoyenera kuzipewazo.

5. Amene adachitapo kanthu

Dziko la Norway lili ndi thumba la boma limene lili m'gulu la matumba aakulu koposa pa dziko lapansi, lodzazidwa ndi ndalama za mafuta. Mu January 2006 boma la Norway lidalengeza kuti thumbalo lachotsa ndalama zake m'makampani 7 othandiza kupanga zida za atomu, ena mwa iwo Boeing, Honeywell ndi Northrop Grumman. Ku Netherlands, thumba la ABP, losungira penshoni aphunzitsi ndi antchito a boma, lidalengeza mu January 2018 kuti ligulitsa masheya ake a m'makampani a fodya ndi a zida za atomu, a mtengo woposa mayuro 3 biliyoni. Mu December 2021 khonsolo ya mzinda wa New York idavomereza chigamulo chopempha woyang'anira chuma cha mzindawo kuchotsa penshoni za antchito ake m'makampani otere.

Zimenezi sizidachitike zokha. Bungwe la PAX la ku Netherlands, limene muzu wake wina ndi bungwe la Akatolika la Pax Christi, pamodzi ndi ICAN, latulutsa malipoti zaka zambiri otchula maina a makampani opanga zidazi ndi a mabanki ndi matumba owapatsa ndalama. Antchito atawerenga mainawo adalemba makalata, nafunsa mafunso pa misonkhano, kufikira oyang'anira adamva. ICAN idalandira mphotho ya mtendere ya Nobel mu 2017.

Njira imeneyi siili yachilendo kumwera kwa Africa. M'zaka za m'ma 1980 mipingo, masukulu aakulu ndi matumba a penshoni a ku America adachotsa ndalama zawo m'makampani ochita malonda ndi boma la tsankho la South Africa. Dera la California lidachita lamulo lotero mu 1986. Sichidali chokhacho chimene chidagwetsa tsankho, koma chidali chimodzi mwa zingwe zimene zidakokera bomalo ku zokambirana.

6. Mau a otsutsa

Mkristu ayenera kumva mbali zonse. Ena anena kuti ntchito ya matrasti ndi kupindulitsa ndalama za okalamba, si kulalika. Mau amenewa ali ndi choona, pakuti penshoni ndi chakudya cha amasiye ndi nkhalamba, ndipo kuiseweretsa ndi tchimo. Koma makampani aakulu a zida za atomu ali owerengeka pakati pa makampani zikwizikwi, kotero kuti thumba lingathe kuwasiya ndi kupezabe poika ndalama mopindula.

Ena anena kuti wina akagulitsa masheya, wina awagula, ndipo bomba lipangidwabe. Ichinso nchoona pa tsiku loyamba. Koma kampani ikakanidwa ndi matumba ambiri, dzina lake lida, ndipo aphungu ndi maboma ayamba kufunsa. Ndiponso chingakhale choipa chipitirire, si chinthu chaching'ono kuti munthu akane kudya nawo phindu lake.

Enanso anena kuti mabombawa ndiwo asunga mtendere, popeza maiko aopana. Chiyambire nkhondo yaikulu ya ku Ukraine mu 2022 mau amenewa akula ku Ulaya, ndipo mu 2025 nyumba ya malamulo ya Norway idalamula kuti malamulo a thumba lija aunikidwenso. Eklezia ayankha kuti mtendere wogona pa mantha uli ngati nyumba yaudzu yosungiramo mbaula yamoto: ingaime zaka zambiri, koma kulakwa kwa usiku umodzi kukwanira. Nkhani ya Norway iphunzitsanso kuti lamulo labwino lisowa anthu olilondera nthawi zonse.

7. Lonjezo la Malawi ndi ntchito ya Akristu

Pa 7 July 2017 maiko 122 a m'bungwe la United Nations adavomereza pangano loletsa zida za atomu kotheratu. Likulu la Apapa lidali pakati pa oyamba kulisaina ndi kulitsimikiza pa 20 September 2017. Dziko la Malawi lidasaina tsiku lomwelo, nilitsimikiza pa 29 June 2022; panganolo lidayamba kugwira ntchito pa 22 January 2021. Liletsa kupanga, kuyesa, kusunga ndi kugwiritsa ntchito zidazi, ndiponso kuthandiza wina aliyense kuchita zimenezi. Maiko ena olowa m'panganolo amasulira kuti kupereka ndalama kwa opanga zida ndi kuthandiza komweko. Kotero Mmalawi wopempha kuti penshoni yake isalowe m'zida za atomu sapempha chachilendo. Akumbutsa dziko lake lonjezo lake.

Matumba a penshoni a m'Malawi aika ndalama zawo zambiri m'dziko momwemo: m'ngongole za boma, m'masheya a pa Malawi Stock Exchange, ndi m'nyumba. Ichi ndicho chichititsa kuti nthawi yabwino yolemba lamulo ikhale ino, pamene kulilemba sikuluzitsa kanthu. Mlimi wa kachewere amanga mpanda mbewu zisanamere. Ndalama zikayamba kutumizidwa kunja, kawirikawiri zilowa m'matumba osakaniza masheya a makampani mazanamazana, ndipo m'chisakanizo chotere makampani a zida alowa mosaoneka.

Anthu a ku Tsangano sasowa wowafotokozera za nkhondo. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique idathamangitsira anthu ngati miliyoni imodzi m'Malawi, ndipo midzi ya m'malire a Ntcheu idagawana nawo minda, madzi ndi nkhuni, kufikira mtendere udasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio ndi Ambuye Jaime Gonçalves a ku Beira. Imeneyo idali nkhondo ya mfuti, ndipo othawa adapeza kothawira. Nkhondo ya atomu ikabuka, utsi wake ungathe kuphimba dzuwa, kuziziritsa nyengo ndi kuononga zokolola ngakhale m'maiko amene sadamenye nawo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono zochita zili motere. Choyamba, membala wa thumba la penshoni afunse mwaulemu ndi m'kalata kumene ndalama zake zaikidwa, ndi ngati pali lamulo lolembedwa lonena za ntchito zimene thumbalo silingaikemo ndalama. Pakuti safunsa adadya phula. Chachiwiri, popeza mutu umodzi susenza denga, funsoli lipite kudzera m'mabungwe a antchito, monga Teachers Union of Malawi ndi Civil Servants Trade Union, amene mau awo amveka kwa matrasti. Chachitatu, a Bungwe la Chilungamo ndi Mtendere pa parishi angathe kusonkhanitsa maganizo a miphakati ndi kulembera phungu wa dera lawo, ndiponso Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, amene mwa lamulo ndiye ayang'anira matumba a penshoni. Chachinayi, madayosizi, zipani ndi masukulu a Eklezia ayambe ndi kusesa pakhomo pawo, pofunsa mafunso omwewo za ndalama zawo. Pa zonsezi lamulo lachisanu ndi chitatu lisungidwe: munthu asaneneze thumba kapena kampani popanda umboni, pakuti kufunsa ndi kwina, kunamizira ndi kwina.

Alimi ambiri a ku Tsangano alibe penshoni, koma phunziroli liwakhudza iwonso. Gulu la banki m'khonde likakhala pansi kukongoza ndalama, liyenera kufunsa ntchito imene ndalamayo ikagwire, osati chiongoladzanja chokha. Lamulo ndi limodzi pa thumba la amayi khumi ndi pa thumba la dziko lonse. Ndipo Akristu onse, a penshoni ndi opanda penshoni, akumbukire kupempherera mtendere pa 6 ndi pa 9 August, ndi kupempherera atsogoleri a maiko 9 aja, kuti Mulungu awapatse mtima wotaya zida zimene ali nazo.

Mafunso okambirana pa mphakati

1. Kodi ndalama za penshoni zigwira ntchito yanji mwini wake asanapume pa ntchito?
2. Kodi bomba la atomu lisiyana bwanji ndi zida zina, ndipo lisemphana bwanji ndi lamulo lachisanu?
3. Ndi njira ziti zimene munthu angakhalire ndi gawo pa tchimo la wina, ndipo ndani ali ndi udindo waukulu pa ndalama za penshoni?
4. Kodi Mkristu angamuyankhe bwanji munthu wonena kuti mabomba ndiwo asunga mtendere?
5. Kodi dziko la Malawi lidalonjeza chiyani mu 2017 ndi mu 2022?
6. Ndi ntchito ziti zimene gulu la banki m'khonde liyenera kukana kuzikongoza ndalama, zingakhale zili zopindula?